Makola a Anthu ku Florida

Ndege ikamatsika kukatera ku Orlando kapena ku Fort Myers, mlendo amene wakhala pawindo amayamba waona tinyanja tambirimbiri ndi madenga ondondozana ngati mizere ya m'munda. Ikatsikanso pang'ono amaona chinthu chachilendo. Kuseri kwa nyumba zambiri kwaima chimango chachitsulo, china chakuda china choyera, chachitali kufika padenga, chokutidwa ndi sefa m'mbali monse ndi pamwamba pomwe. Wobwera koyamba angayese kuti anthu a kuno amaweta nkhanga. Eni ake nawonso amachitcha khola, pool cage m'chinenero chawo, koma zoweta mulibemo. Muli dziwe losambiramo, mipando, tebulo lodyerapo, mbaula yootcherapo nyama, ndi agogo akuwerenga nyuzi opanda ndi udzudzu umodzi womwe wowalira kukhutu.

Florida ndi chigawo cha kummwera chakummawa kwa dziko la United States, chimene chinaloza m'nyanja ngati chala. Ndi malo athyathyathya, a madambo ndi zithaphwi. Kuyambira mu June kufika mu September kumatentha mpaka madigiri 32 kapena kuposerapo, ndipo masana ambiri mitambo imasonkhana, mabingu n'kugunda, mvula n'kukhuthuka ola limodzi, dzuwa n'kutulukanso pa nthaka yonyowa. Mzinda wa Miami umalandira mvula yoposa mamilimita 1,500 pachaka. Kutentha kwenikweniko munthu wa ku Nsanje sangadabwe nako. Chimene chimalemetsa thupi ndi chinyontho cha mumpweya: thukuta limatuluka koma silikuuma, malaya amamatirira kumsana, thawulo loyanika usiku limapezeka m'mawa likadali lonyowa.

Malo otere udzudzu ndiye kwawo. Ku Florida kuli mitundu ya udzudzu pafupifupi 80. Boma limene lero muli mzinda wa Orlando, kumene alendo amathamangira kukaona Disney World, linakhazikitsidwa mu 1824 ndi dzina lakuti Mosquito County, ndiye kuti boma la udzudzu. Mu 1845 analisintha kukhala Orange County, poti dzina la malalanje limaitana anthu kuposa la udzudzu. Kusintha dzinako sikunathamangitse kanthu. Mu 1888 matenda a yellow fever anapha anthu oposa 400 mumzinda wa Jacksonville, ambiri n'kuthawa mzindawo. Pa nthawiyo anthu ochuluka ankakhulupirira kuti matenda otere amachokera ku mpweya woipa wa m'madambo. Dokotala wina wa ku Apalachicola, John Gorrie, anafika popanga makina opangira madzi oundana kuti aziziziritsa zipinda za odwala ake, ndipo boma linamupatsa umwini wa lusolo mu 1851. Anaphonya choyambitsa matenda, koma anatsegula njira yopita ku mafiriji ndi makina oziziritsa m'nyumba. Za udzudzu zinadzatsimikizika pambuyo pake, pamene Ronald Ross anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu mu 1897, ndipo gulu la Walter Reed linasonyeza ku Cuba mu 1900 kuti Carlos Finlay ankanena zoona kuti udzudzu ndiwo umafalitsa yellow fever.

Makina oziziritsa asanafike m'nyumba za anthu wamba, alimi a ku Florida ankamanga mwanzeru. Nyumba zawo zamatabwa zinkakhala m'mwamba pa timizati kuti mphepo izidutsa pansi, denga lake lamalata lotsetsereka kwambiri, khonde lotakasuka lotchinga dzuwa kuti lisawombe khoma. Sefa wa waya atayamba kupezeka motchipa, anangomukhomerera pakhondepo. Nyumba ya mlembi Marjorie Kinnan Rawlings ku Cross Creek, imene anaigula pamodzi ndi munda wa malalanje mu 1928, ikadalipo ndipo boma limaisunga kuti anthu azikaona. Buku lake la The Yearling, limene linapata mphotho ya Pulitzer mu 1939, ankalilemba pakhonde lasefa, taipilaita ili patebulo, mphepo ikulowa, tizilombo tikuthera panja.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, anthu anakhamukira ku Florida. Mu 1950 kunali anthu osakwana 3 miliyoni. Kalembera wa mu 2020 anapeza oposa 21 miliyoni. Nyumba za m'ma 1950 zinabwera ndi chipinda chimene mpaka lero chimatchedwa Florida room: chipinda chakuseri, cha mawindo kuzungulira, aja a timagalasi topingasa totsegula ndi kachitsulo, amene amisiri a ku Malawi amawatcha ma louvre. Ubwino wake unali wakuti mvula ikamagwa umangowapendeketsa, madzi n'kumatsetserekera panja mphepo ikulowabe. Makina oziziritsa atafala, ubwino womwewo unasanduka vuto, chifukwa mpweya wozizira wolipiridwa ndi ndalama unkathawira m'mipata. Komanso wakuba sankavutika: kusolola timagalasi titatu, walowa.

Lero munthu wa ku Florida wofuna kuwonjezera malo okhala kuseri kwa nyumba amasankha pakati pa zinthu ziwiri zooneka ngati pachibale koma zosiyana khalidwe. China ndi khonde lasefa, limene ambiri amalitcha lanai, mawu obwereka ku Hawaii. China ndi chipinda cha magalasi, sunroom.

Chipinda cha magalasi kwawo n'kozizira. Chinachokera ku nyumba zimene mafumu ndi anthu olemera a ku Ulaya ankasungiramo mitengo ya malalanje m'nyengo ya chisanu, monga ija ya ku Versailles imene inamangidwa m'ma 1680. Ku Britain zinafala boma litachotsa msonkho wa galasi mu 1845 ndi wa mawindo mu 1851, chaka chimene Joseph Paxton anaimika chinyumba cha magalasi okhaokha cha Crystal Palace ku London. Ntchito ya galasi m'nyumba zimenezi inali kukola kutentha. Kuwala kwa dzuwa kumalowa, kumatenthetsa pansi ndi mipando, koma mpweya wotenthawo umasowa potulukira. Aliyense amene analowapo m'galimoto yoimikidwa padzuwa mawindo ali otseka akudziwa mmene zimakhalira. Ku Manchester mu January imeneyo ndi mphatso. Ku Tampa mu August ndi uvuni.

Ndiye womanga chipinda cha magalasi kumalo achinyontho amayamba ndi kulimbana ndi chinthu chimene galasi linapangidwira. Amagula galasi lapawiri, la mpata pakati, lopakidwa kachitsulo kopyapyala kosaoneka ndi maso kamene kamabweza kutentha kwa dzuwa. Amisiri amalitcha low-E. Denga la galasi amalipewa, n'kuika la aluminiyamu lokhala ndi thovu lolimba pakati. Amayang'ananso kumene chipindacho chaloza. Chikaloza kumadzulo, dzuwa likapendeka limalowa chopingasa, pansi pa denga, ndipo palibe khonde lingalitchinge. Chipinda chotero chimakhala chopanda munthu nthawi imene banja likanafuna kukhalamo.

Koma mdani wosaoneka ndi madzi a mumpweya. Mpweya wotentha umanyamula nthunzi yambiri, ndipo ukakhudza chinthu chozizira umatula madziwo. Botolo la Fanta lochokera mufiriji limachita thukuta patebulo pa chifukwa chomwecho. M'chilimwe cha ku Florida mpweya umakhala wodzaza kwambiri moti chinthu chilichonse chozizira kufika pa madigiri 23 kapena 24 chimayamba mame. Mwini nyumba akaika makina oziziritsa pa madigiri 21 kuti amve bwino, galasi lopyapyala limazizira, ndipo m'mawa amadzuka n'kupeza mawindo onse ali mbuu ndi mame kunja kwake, munda umene ankafuna kumauona wosaoneka. Zimenezo n'zongokhumudwitsa. Choopsa ndi pamene mpweya wonyowa wapeza kampata n'kulowa m'kati mwa khoma, n'kukatula madzi kuseri kwa bolodi kumene diso silifika. Pakapita miyezi ingapo m'chipindamo mumayamba kafungo ka m'chipinda chotsekedwa, makushoni amachita timadontho takuda, nsapato yachikopa yoiwalidwa pakona imamera chuku. Bungwe la boma loona za chilengedwe ku United States, EPA, limalangiza kuti chinyontho cha m'nyumba chisafike pa 60 peresenti, makamaka chizikhala pakati pa 30 ndi 50. Panja pa nyumba ku Florida m'mawa wa m'chilimwe chimapitirira 80.

Pali msampha wina umene anthu ambiri amagweramo chifukwa chofuna zabwino. Amagula makina oziziritsa aakulu kuposa chipinda, poganiza kuti chachikulu ndicho champhamvu. Makina otere amaziziritsa chipinda mu mphindi zochepa n'kuzima, asanakhale ndi nthawi yokamula madzi mumpweya. Chipinda chimakhala chozizira koma chonyowa, ngati phanga. Makina aang'ono oyenda nthawi yaitali ndi amene amaumitsa, ndipo ena amawonjezera kamakina kongokoka chinyontho, kamene ndowa yake imadzaza tsiku limodzi.

N'chifukwa chake malamulo a zomangamanga amagawa zipinda zimenezi m'magulu asanu, kuyambira denga lokhala ndi sefa m'mbali mpaka chipinda choziziritsidwa chimene chalumikizana ndi nyumba yonse popanda chitseko pakati. Gulu likamakwera, zofunika nazo zimachuluka, ndalama nazo zimakwera. Amene amalira kwambiri ndi aja amagwera pakati: anali ndi khonde lasefa labwinobwino, n'kuganiza zoliveka mawindo otchipa koma osaikamo makina. Mphepo aitsekera panja, chinyontho achitsekera m'kati.

Khonde lasefa lilibe nkhondo imeneyi chifukwa silikangana ndi nyengo. Mpweya wa panja ndi wa m'kati ndi umodzi, ndiye mame alibe poyambira. Fani wapadenga akamazungulira, thukuta limauma, munthu n'kumva ngati kwazizirako ngakhale kutentha kuli komweko. Sefa amadulanso ukali wa dzuwa pang'ono, amatchinga masamba kuti asagwere m'dziwe, amaletsa mavu, achule ndi njoka zambiri. Kawiri pachaka, cha mu May ndi mu September, kumabuka tizilombo takuda totchedwa lovebugs, touluka tiwiritiwiri titalumikizana. Sitiluma koma timadzaza paliponse, ndipo wa khonde lasefa amangotiyang'ana tili kunja. Ng'ona za kumeneko, ma alligator, ndi nkhani ina. Sefa sangaimitse ng'ona imene yatsimikiza mtima, ndipo nthawi ndi nthawi nyuzi za m'deralo zimasonyeza ina ili phee pansi pa dziwe la munthu, kusefa kuli chibowo.

Sefa wa masiku ano si waya wachitsulo uja ankachita dzimbiri. Ndi ulusi wa galasi wokutidwa ndi pulasitiki, ndipo imodzi mwa makampani odziwika powomba ndi Phifer ya ku Tuscaloosa, m'chigawo cha Alabama. Amamuyeza powerenga ulusi pa inchi imodzi. Wofala pa makola a madziwe ndi wa 18 kwa 14, amene amaletsa udzudzu ndi ntchentche. Koma m'mphepete mwa nyanja, kufupi ndi madambo amchere, kuli tizilombo tina ting'onoting'ono toluma mowawa, timene eni dera amatitcha no-see-ums, kutanthauza kuti sungatione. Timeneti timadutsa m'maso mwa sefa wamba ngati pakhomo. Mankhwala ake ndi sefa wa 20 kwa 20, wa maso othinana. Mtengo wake umalipiridwa kawiri: kusitolo, ndiponso pakhonde, chifukwa maso akachepa mphepo yolowa nayo imachepa.

Udzudzu sunasiye kukhala nkhani ya moyo kumeneko. Mu 2009 ndi 2010 anthu anadwala dengue ku Key West, mu 2016 Zika anafalikira m'dera la Wynwood ku Miami, ndipo mu 2023 anthu asanu ndi awiri m'boma la Sarasota anapezeka ndi malungo amene anawatengera komweko, osapita kunja kwa dziko. Kuti sefa amateteza, umboni wake ndi wakale. Cha m'ma 1899 ndi 1900 katswiri wa ku Italy, Angelo Celli, anaika sefa m'nyumba za ogwira ntchito kunjanji m'madera a malungo, ndipo odwala m'nyumbazo anachepa kwambiri poyerekeza ndi anzawo. Kafukufuku wa ku Farafenni m'dziko la Gambia, amene anasindikizidwa mu 2009, anapeza kuti sefa anachepetsa udzudzu wolowa m'nyumba pafupifupi ndi theka. Kwa wowerenga wa ku Salima, Nkhata Bay kapena Chikwawa, kumene kutentha ndi chinyontho si nkhani yachilendo, mfundo yogwirika ndi yakuti udzudzu wa malungo umakonda kulowera pampata wa pakati pa khoma ndi denga, kotero sefa wa pakhonde kapena pawindo amagwira ntchito mpatawo ukatsekedwa, ndipo salowa m'malo mwa neti yogonamo.

Khola la dziwe lili ndi ntchito inanso. Florida imataya ana aang'ono ambiri chifukwa chomira, ndipo mu 2000 boma la chigawochi linakhazikitsa lamulo lakuti dziwe latsopano la pakhomo likhale ndi chitetezo. Njira imodzi ndi mpanda wosachepera mafiti anayi, pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 20, wa chitseko chodzitseka chokha. Khola lasefa lomangidwa motsatira lamulo limaletsa mwana wa kwa aneba. Mwana wa pakhomo pomwepo saliona n'komwe, chifukwa iye amatulukira pachitseko cha nyumba n'kupezeka ali kale m'kholamo. Zitseko zimenezo zimafuna loko wapamwamba kapena belu lolira zikatsegulidwa.

Chimene khonde lasefa limaopa ndi mphepo. Pa 24 August 1992 namondwe Andrew anawomba Homestead, kummwera kwa Miami, n'kuphwasula nyumba zikwi makumi angapo. Ofufuza atayenda m'mabwinjamo anapeza kuti zambiri zinamangidwa mwachinyengo, madenga ogwidwa ndi misomali yowerengeka. Zotsatira zake zinali lamulo limodzi la zomangamanga la chigawo chonse, Florida Building Code, limene linayamba kugwira ntchito mu 2002. M'boma la Miami-Dade nyumba wamba iyenera kukonzedwa kuti ipirire mphepo ya liwiro la makilomita pafupifupi 280 pa ola. Khonde lowonjezera nalo silimangidwa mwakachetechete Loweruka masana. Pamafunika pulani yosainidwa ndi injiniya, chilolezo cha khonsolo, ndi woyendera wodzaona ntchito ikatha. Womanga mozemba amadzakumana nazo tsiku logulitsa nyumba.

Munthu angaganize kuti sefa, poti ndi wobooka, mphepo imangodutsa. Mphepo ya tsiku ndi tsiku imadutsadi. Ya namondwe imabwera ndi mvula yopingasa ndi masamba othothoka, maso a sefa amatsekeka, khola lonse n'kusanduka thanga la bwato. Mu 2004 anamondwe anayi, Charley, Frances, Ivan ndi Jeanne, anawomba Florida m'masabata asanu ndi limodzi, ndipo makola ambirimbiri anapindika ngati mapesi. Zinabwerezanso pa 28 September 2022 pamene Ian anafika kumtunda pafupi ndi Fort Myers ndi mphepo ya makilomita 240 pa ola. Chitsulo cha khola chikazuka sichigwera pamalo amodzi. Chimauluka n'kukaboola denga kapena windo la nyumba ina. Eni nyumba ena, akamva kuti namondwe wayandikira, amatenga mpeni n'kung'amba okha zigawo zina za sefa kuti mphepo ipeze njira, poona kuti kugula sefa n'kotchipa kuposa kugula chimango. Ambiri amadzazindikira mochedwa kuti inshuwalansi yawo ya nyumba siphatikiza kholalo pokhapokha atalipira mwapadera.

Nthawi zambiri chimene chimagonja si mtanda wa aluminiyamu koma kasikuluwu kamene kamaugwira. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira lija, n'chifukwa chake amamukonda kumalo onyowa. Koma masikuluwu otchipa ndi achitsulo wamba, ndipo pakati pa chinyontho, mchere wochokera kunyanja ndi mankhwala a klorini a m'dziwe, amadyeka mwakachetechete. Zitsulo ziwiri zosiyana zikagundana pali madzi amchere, chimodzi chimadya chinzake. Chizindikiro chake ndi kamzere kofiira kotsika kuchokera pamutu wa sikuluwu. Khola limaoneka lolimba, koma pansi, pamene lalumikizana ndi konkire, mitu ina imathothoka ndi chala. Amisiri osamala amaika masikuluwu a chitsulo chosachita dzimbiri kuyambira pachiyambi, ndi zingwe zachitsulo zopingasa m'makona zoti zizikungidwa zikakhwepa.

Pali zina zing'onozing'ono zimene nyengo yonyowa siikhululuka. Konkire wapansi ayenera kupendekera kunja pang'ono kuti madzi asabwerere kukhoma. Ngalande ya padenga imene ili pakati pa nyumba ndi khola imanyamulanso kulemera kwa kholalo, ndipo ikadzaza masamba madzi amasefukira m'matabwa a denga n'kuwaoletsa. Thabwa lililonse lokhudza nthaka ndi kuitana chiswe. Mbali imene dzuwa silifika imamera ndere zobiriwira, moti kamodzi kapena kawiri pachaka mwini nyumba amatenga payipi ndi burashi.

Sefa weniweniyo amatha ndi dzuwa. Pakapita zaka khumi kapena kuposerapo pang'ono, pulasitiki wokuta ulusi amayamba kusuluka, sefa n'kumanyezimira ngati siliva, ndipo mpira wa ana ukangomugunda amang'ambika. Ntchito yomusintha ili ndi amisiri ake. M'mawa dzuwa lisanakwere, mnyamata amakwera pamwamba pa khola, mamita anayi kapena asanu kuchokera pansi, dziwe lili m'munsi mwake, akuponda pa mitanda yopapatiza ngati chikhatho. Amasolola kachingwe karabala kamene kamapanikiza sefa mumpata wa chitsulo, wakaleyo n'kugwa ngati chikopa cha njoka. Amayala watsopano, amamukoka ndi dzanja limodzi kuti asachite makwinya, ndi dzanja linalo akuyendetsa kagudumu kokankhira rabala mumpata, kenako n'kudula zotsala ndi kampeni. Akakoka kwambiri, mtanda umapindika. Akalekerera, sefa amalendewera n'kumasunga madzi. Ikamakwana 2 koloko masana mitambo yakuda imakhala itayamba kuunjikana, ndipo bingu loyamba likangomveka amatsika msanga, chifukwa Florida ndi chimodzi mwa zigawo za mphezi zambiri m'dziko lonselo, ndipo iye waima pa chitsulo.